Mlandu suola, koma mitengo ikutha: kodi chiletso cha khoti chingandithandize?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Bembeke, m'boma la Dedza:

"Bambo athu anamwalira chaka chatha osasiya wilo. Anatisiyira malo a lizi omwe ali m'dzina lawo. Kumtunda anabzalako mitengo ya paini, kumunsi kuli dimba lomwe ine ndi mayi anga timalimamo mbatata ya kachewere. Miyezi itatu yapitayo tinamva kuti bambo aang'ono, ang'ono awo a malemu, agulitsa malowo kwa wamalonda wina wa ku Lilongwe. Tayenda kwa anyakwawa ndi kwa agulupu koma sizinathandize, apolisi akuti ndi nkhani ya pachibale. Sabata yatha kwabwera anyamata ndi makina ochekera matabwa, ndipo lole yatula njerwa m'mphepete mwa dimba. Anthu akundiuza kuti ndikatenge chiletso. Kodi chiletso n'chiyani kwenikweni? Ndingachitenge kwa majisitireti pa Dedza pompa? Ndikachitenga ndiye kuti malo abwerera kwa ife? China n'chakuti mlongo wanga analandirako ndalama pang'ono kwa bambo aang'onowo, akuti anamuuza kuti ndi zotsala za pamaliro."

Yankho:

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo, pepaninso kuti misozi isanaume mwayamba kuyenda m'mabwalo. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo mawu omwe andigwira mtima ndi akuti "sabata yatha". Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo sananame. Koma mtengo wa paini womwe bambo anu anaulera zaka makumi awiri umagwa makina asanatenthe n'komwe. Ku High Court mlandu wa malo ukhoza kutha chaka, mwinanso kuposerapo, kuchokera tsiku losuma kufika tsiku la chigamulo. Chiletso, chomwe maloya timachitcha injunction, chinakhazikitsidwa chifukwa cha mpata umenewu, kuti pofika tsiku la chigamulo pakhale patatsala chinthu choti chigamulidwe.

Inu mwakulira kumudzi, mukudziwa zomwe nyakwawa yanzeru imachita anthu awiri akakanganirana malire mvula ili pafupi. Siyamba yanena kuti munda ndi wa uje. Imati, "Pamene pali mkangano apa asaponyepo khasu aliyense mpaka tidzakhale pansi Loweruka." Mawu amenewo sanapatse aliyense munda, angoimitsa manja. Chiletso cha khoti ndi chimodzimodzi, kungoti chili ndi mano: wochinyozera akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukagona kundende. Choncho funso lanu lomaliza ndiyambe ndaliyankha. Ayi, kutenga chiletso sikuwina mlandu. Ndaona anthu akululutira pakhomo pa khoti, ena kupha mbuzi kumudzi, pepala la chiletso lili m'manja, pomwe jaji sanamveko mboni ndi imodzi yomwe. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Za kwa majisitireti pa Dedza boma. Gawo 39 la lamulo la makhoti, Courts Act, linaika malire pa zomwe majisitireti angazenge, ndipo kupereka injunction ndi kugamula umwini wa malo ngati anuwa, omwe si a mafumu, zili kunja kwa malirewo. Khoti lokhala ndi mphamvu yozenga mlandu wamtundu uliwonse, malinga ndi gawo 108 la malamulo aakulu a dziko lino, ndi High Court, ndipo kwa inu yapafupi ndi ya ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza boma kutsata msewu wa M1. Ndikudziwa kuti thiransipoti ya masiku ano si yamasewera, koma kulowa khomo lolakwika kudzakudyerani masabata omwe mulibe. Majisitireti ali ndi zake zomwe angakuthandizeni, ndizitchula kutsogoloku.

Tsono jaji amayang'ana chiyani? Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku High Court, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2017, ananena pa Order 10 ndime 27 kuti chiletso chiperekedwe pakaoneka zinthu zitatu: kuti pali nkhani yeniyeni yofunika kuzengedwa, kuti ndalama za chipukutamisozi sizingakwanire kukonza chomwe chiwonongeke, komanso kuti kupereka chiletsocho ndi chilungamo. Muzu wa mfundozi ndi mlandu wa ku England wa mu 1975, wa American Cyanamid ndi Ethicon, makampani awiri omwe ankalimbirana ulusi wosokera mabala a opaleshoni. Makhoti athu akhala akutsata chigamulo chimenecho kwa zaka zambiri, ndipo loya wanu mudzamumva akuchitchula.

Mfundo yoyambayo si phiri kwa inu. Jaji pa nthawi imeneyi safuna kuti mutsimikize kuti mudzawina, amangofuna aone kuti simunabwere kudzataya nthawi ya khoti. Lizi ili m'dzina la malemu. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, ndipo munthu sagulitsa katundu wa malemu popanda makalata a khoti omupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Ngati bambo aang'ono alibe makalata amenewo, funso loti anagulitsa ndi mphamvu yanji ndi nkhani yokwanira kuzengedwa. Koma lupanga lomwelo likhoza kukutembenukirani. Loya wa mbali inayo adzafunsa kuti inu mukusuma ngati ndani. N'chifukwa chake mukambirane ndi loya wanu tsiku loyamba lomwelo zoti mayi anu, kapena mayi ndi inu, mupemphe makalatawo, ndipo posuma zidziwike kuti ndinu mkazi ndi mwana wa malemu, oyenera kulandira chumacho.

Pa mfundo yachiwiri ndi pomwe milandu yambiri ya chiletso imafera, ndiye ndikhalitsapo. Khoti limaganiza chonchi: ngati chomwe mukuopa kutaya chingabwezedwe ndi ndalama, palibe chifukwa chomangira munthu manja mlandu usanazengedwe, adikire, akadzawina adzalipidwa. Loya wa wamalonda uja adzaimirira n'kunena kuti mtengo uli ndi mtengo wake, paini ndi matabwa, matabwa amawerengeka ndipo amagulidwa pamsika tsiku lililonse, mayiwa akadzawina tidzawalipira thabwa lililonse. Mawu amenewa si opusa, ndipo jaji akhoza kuwamvera ngati inu mwangolankhula za matabwa basi.

Ndiye musalankhule za matabwa basi. Makhoti athu anena kambirimbiri kuti malo sali ngati thumba la feteleza loti likatayika ukagula lina lofanana nalo. Malo aliwonse ndi akeake. Dimba la madzi chaka chonse ku Bembeke simungalipeze pongotulutsa ndalama. Fotokozani kuti mayi anu, omwe ndi amasiye, chakudya chawo ndi sopo wawo zimachokera m'dimbamo. Fotokozani kuti maziko a nyumba akakumbidwa n'kuthiridwa konkire pamene pali mizere ya mbatata, nthaka imeneyo siidzabwereranso mwakale. Ngati mitengo ya kumtundayo ndi yomwe imagwira nthaka kuti isakokoloke n'kukwirira dimba, nenani zimenezo, ndipo jambulani kutsetsereka kwa malowo kuti jaji aone ndi maso ake. Paini wobzalidwa lero, woti adzachekedwe matabwa abwino, mayi anu mwina sadzamuona. Madzi akatayika saoleka. Palinso funso lina lomwe anthu amaiwala: ngakhale zitakhala zolipirika, wolipirayo ali nazo? Ngati bambo aang'ono ndalama anadya kale ndipo alibe kanthu kogwirika, lonjezo la chipukutamisozi ndi mphepo chabe, ndipo khoti limaiganizira mfundo imeneyi.

Mfundo yachitatu ndi sikelo. Jaji amaika mbali imodzi zomwe inu mutaye chiletso chikakanidwa koma n'kudzawina mlandu, mbali inayo zomwe wamalonda ataye chiletso chikaperekedwa koma iye n'kudzawina. Zikafanana, khoti limakonda kusiya zinthu momwe zilili. Lero sikelo ikupendekera kwa inu, chifukwa njerwa zili pa mulu ndipo mulu wa njerwa ukhoza kudikira. Koma nyumba ikafika pa windo, kapena malata akakhomedwa, "momwe zinthu zilili" zidzakhala zina, ndipo jaji adzazengereza kuimitsa ntchito yomwe munthu wathirapo mamiliyoni inu mukuonerera. Apa ndi pomwe miyezi itatu ija ikundidetsa nkhawa. Munthu wopempha thandizo lachangu amafunsidwa kuti unali kuti nthawi yonseyi. Yankho muli nalo, ndipo ndi labwino: simunakhale pansi, munatsata njira ya kwathu, kwa anyakwawa, kwa agulupu, kupolisi, ndipo kudula mitengo kwayamba sabata yatha. Koma yankho limeneli lifunika mapepala. Pemphani anyakwawa ndi agulupu akulembereni makalata a chidindo onena masiku omwe munabwera ndi zomwe zinakambidwa. Kuyambira lero tsiku lililonse lomwe lidutse lidzakhala lovuta kulifotokoza.

Chifukwa cha changu chotere, malamulo amalola kupempha chiletso mbali inayo isanadziwitsidwe, ngakhalenso masamani a mlandu weniweni asanaperekedwe, bola mulonjeze kusuma msanga m'masiku omwe jaji anene. Nthawi zambiri jaji amaona pempho lotere pa mapepala okha. Inu simuima m'bokosi la mboni. Mawu anu onse amakhala m'chikalata cholumbirira, chomwe mumasaina pamaso pa wolumbiritsa, ndipo zithunzi, lizi ndi makalata a mafumu zimamatidwa kumbuyo kwake. Musasaine chikalata chomwe simunachimve. Chimalembedwa m'Chingerezi, choncho uzani loya akuwerengereni m'Chichewa ndime ndi ndime, chifukwa bodza likapezekamo wolumbira ndinu, osati iye.

Tsopano za mlongo wanu, ndipo apa mundimvetsetse, Mayi. Mwachita bwino kundiuza, ndipo muyenera kuuzanso khoti. Munthu akapita kwa jaji mnzake palibe, lamulo limamusenzetsa udindo woulula zonse zofunika, ngakhale zomwe zikumupweteka iye mwini, chifukwa palibe wina woti anene mbali inayo. Zoti mwana wina wa malemu analandirako ndalama ndi nkhani yomwe wamalonda uja adzaigwiritsa ntchito ponena kuti banja linavomereza malondawo. Mukaitchula nokha, n'kufotokoza kuti anauzidwa kuti ndi zotsala za pamaliro, ndipo mlongo wanuyo n'kulumbira chikalata chake chonena ndalama zingati, tsiku liti, pamaso pa ndani, jaji adzaiona ngati nkhani yoti idzazengedwe pa mlandu. Mukaibisa, idzatulukira m'kamwa mwa mdani wanu.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Bambo wina wa cha ku Ntcheu anabwera kwa ine akulimbirana sitolo ya pa tiredingi senta ndi msuweni wake. Ndinamufunsa katatu ngati panali pepala lililonse lomwe anasainapo, iye n'kukana. Chiletso tinachipeza Lachisanu. Patatha masabata awiri, tsiku lomva mbali zonse, loya wa msuweniyo anatulutsa pepala long'ambidwa m'kope la sukulu, pali siginecha ya bambo uja ndi mboni ziwiri, akuvomera kuti walandira theka la ndalama. Anali ndi chofotokoza chomveka ndithu, ndipo akanandiuza poyamba tikanachilemba. Koma jaji sanafunenso kumva zambiri. Anachotsa chiletso chifukwa chobisa chilungamo, n'kulamula kuti bamboyo alipire zomwe mnzake anawononga pa pempholo. Ndimakumbukirabe momwe anakhalira pa benchi panja, chipewa chili m'manja, osayankhula. Sindikufuna inu mudzakhale pa benchi imeneyo.

Chinanso chomwe anthu okuuzani kuti "katengeni chiletso" sakutchula ndi lonjezo lomwe mumapereka. Pafupifupi chiletso chilichonse chimaperekedwa wopempha atalonjeza khoti kuti, zikadzapezeka kuti sichinayenere kuperekedwa, adzalipira zomwe mnzakeyo wataya chifukwa choimitsidwa. Kwa inu zikhoza kukhala simenti yomwe yauma m'matumba, amisiri omwe analipidwa kale, njerwa zomwe zaphwanyika ndi mvula. Umphawi pawokha sutseka chitseko cha khoti, majaji amadziwa kuti wolanda amakhala ndi ndalama kuposa wolandidwa, koma lonjezolo si mwambo chabe. Khalani pansi ndi mayi ndi abale anu, muuzane zoona za mphamvu ya mlandu wanu musanalipereke. Malinga ndi zomwe mwalemba, ine ndikanalipereka. Ndikanayamba ndaona lizi ija ndi maso anga, n'kutsimikiza kuti malemu sanasainirane kanthu ndi mng'ono wawo ali moyo.

Samalaninso ndi zomwe mukupempha. Kuletsa munthu kuchita chinthu n'kosavuta kusiyana ndi kumulamula kuti achite chinthu. Mukapempha kuti wamalonda azule njerwa zake, abweze matabwa, achoke lero, mukupempha khoti kuti ligamule mlandu usanazengedwe, ndipo chiletso chamtundu umenewo majaji amachipereka pokhapokha nkhani ili yoonekeratu kwambiri. Pemphani zoimitsa, ndipo muzitchule mayina: kudula mitengo, kucheka, kutulutsa pamalopo matabwa ndi zipika zomwe zagwetsedwa kale, kukumba maziko, kumanga, kugulitsa kapena kubwereketsa malowo kwa wina. Chiletsocho chikhudze bambo aang'ono ndi wamalondayo onse awiri, pamodzi ndi antchito awo ndi aliyense wotumidwa ndi iwo. Ndipo chinene poyera kuti inu ndi mayi mupitiriza kulima m'dimba monga kale. Mawu amenewa akasowa, mudzadabwa mbali inayo ikunena kuti chiletso chaimitsa aliyense, mbatata yanu n'kuolera m'nthaka pomwe imafuna miyezi itatu kapena inayi yokha kuti ikumbidwe.

Matabwa omwe achekedwa kale muwawerenge ndi kuwajambula msanga, pali mboni. Khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti katundu yemwe akukanganirana asungidwe, kapena ngati ndi wowonongeka msanga agulitsidwe ndipo ndalama zake zisungidwe mpaka chigamulo. Paini wosiyidwa pa mvula amachita nkhungu n'kuda, ndiye nthawi zina kugulitsa n'kusunga ndalama kumapindulira onse.

Chiletso chopezeka mnzanu palibe chimakhala cha masiku owerengeka, kawirikawiri 7 kapena 14, kapena mpaka tsiku lomwe jaji waika loti amve mbali zonse. Mwina mukukumbuka za mu 2020, boma litalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 chifukwa cha Covid-19. Pa 17 April, kutatsala tsiku limodzi, Jaji Kenyatta Nyirenda ku High Court ya ku Lilongwe anapereka chiletso atapemphedwa ndi a HRDC, bungwe lomenyera ufulu wa anthu, ndi anthu ena. Chiletso choyambacho chinali cha masiku 7 okha. Kenako chinawonjezeredwa, ndipo nkhani yeniyeni, yoti malamulowo anali ogwirizana ndi malamulo aakulu a dziko kapena ayi, inadzagamulidwa patapita miyezi ndi majaji atatu. Yanu idzayenda m'mapazi omwewo: kuimitsa kwa masiku ochepa, kumva mbali zonse, kenako chiletso chofika kumapeto kwa mlandu ngati jaji wakhutira. Tsiku lomwe lalembedwa pa pepalalo mulisunge ngati tsiku la sikelo ya mwana. Loya akaiwala kupereka mapepala a gawo lachiwiri m'nthawi yake, chiletso chimafa chokha, makina n'kuliranso.

Ndikudziwa kuti mawu oti chiletso anaipa mbiri m'dziko muno. Anthu amamva pa wailesi andale akuthamangira kukhoti usiku, wina kuletsa msonkhano wa chipani, wina kuletsa kuchotsedwa pa mpando, mpaka ena amaganiza kuti ndi chida cha anthu a mataye okha. Zimandiwawa, chifukwa amene chida chimenechi chimamuyenera kwambiri ndi munthu ngati mayi anu, amene alibe anyamata oti akaime pa malire ndi zikwanje.

Pepala likatuluka, ntchito yoyamba ndi kulifikitsa. Munthu sangaimbidwe mlandu wonyoza lamulo lomwe sanalidziwe. Bambo aang'ono ndi wamalondayo apatsidwe m'manja, ndipo wopereka alembe tsiku, nthawi ndi malo, n'kulumbira. Kapitawo wa anyamata ocheka aja apatsidwenso lake, chifukwa munthu wothandiza dala kuswa chiletso chomwe akuchidziwa nayenso amakhala wanyoza khoti. Siyani kope lina kwa anyakwawa, kwa agulupu ndi kupolisi ya kwanuko, kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve. Akapitiriza kudula, musatume achinyamata a m'mudzi kukalanda makina kapena kugumula njerwa. Mukatero mwapatsa mdani wanu mlandu waupandu woti akumangitseni nawo, ndipo jaji adzakuonani ngati munthu wa manja akuda. Jambulani pa foni, lembani tsiku ndi nambala ya lole, imbirani loya, ndipo iye abwerere kwa jaji yemweyo kukapempha kuti oswa lamulowo alangidwe. Chimodzimodzinso inu: mbali inayo ikadzapeza lamulo lokuletsani kanthu, ngakhale mukuliona kuti ndi lolakwika, mulitsate mpaka khoti lomwelo kapena khoti lalikulu la apilo, Supreme Court of Appeal, litalichotsa.

Mwina mukudzifunsa za ndalama zomwe bambo aang'ono analandira. Pali chiletso china choumitsa chuma, chomwe maloya akale amachitcha Mareva, dzina lochokera ku mlandu wa kampani ya sitima zapamadzi wa ku England wa mu 1975. Chimaletsa munthu kusamutsa kapena kumwaza ndalama ndi katundu wake pofuna kuti wodandaula akadzawina asadzapeze kanthu. N'chovuta kuchipeza. Pamafunika mlandu wamphamvu, umboni wa komwe kuli chumacho, ndi umboni weniweni woti akufuna kuchizembetsa, osati mphekesera za pa chigayo. Ndipo sichimuletsa munthu kugula chakudya kapena kulipira loya. Kwa inu sindikuchiona chofunika panopa. Chomwe mukufuna ndi malo, ndipo kulondola ndalamazo kwenikweni ndi mutu wa wamalonda uja, amene anagula kwa munthu wopanda mphamvu yogulitsa.

Pali zina zoti ziyende limodzi ndi chiletso. Loya alembere ofesi ya zamalo ku Lilongwe kuidziwitsa kuti mwini lizi anamwalira ndipo pali mkangano. Ngati malowo analembetsedwa pansi pa Registered Land Act, pali chenjezo lotchedwa caution lomwe limaikidwa m'kaundula kuti dzina lisasinthidwe mwakachetechete. Kupolisi mubwerereko. Kulanda chuma cha masiye si nkhani ya pachibale chabe, lamulo la mu 2011 lija linakuika kukhala mlandu womwe munthu akhoza kupita nawo kundende, ndipo mukafike ku ofesi yothandiza ozunzidwa ija amati Victim Support Unit, mutanyamula lizi ndi chikalata cha imfa. Ngati wachibale wayamba kuopseza kapena kuzunza mayi anu pakhomo, apo ndiye majisitireti wa pa Dedza akhoza kuthandiza msanga, chifukwa lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la mu 2006 limamupatsa mphamvu yopereka lamulo lachitetezo lapakanthawi.

Nthawi zinanso kalata ya loya yokha imagwira ntchito. Wamalonda wanzeru akaona lizi ili m'dzina la malemu amadziwa kuti waponda pa moto, ndipo akhoza kuvomera yekha kuimitsa ntchito. Akavomera, zisathere pakamwa kapena pa WhatsApp. Zilembedwe, maloya asaine, jaji adinde, kuti zikhale ndi mphamvu yofanana ndi chiletso. Malamulo a 2017 aja amatumizanso milandu yambiri kukukambirana pamaso pa jaji isanazengedwe. Musakuone ngati kugonja. Bambo aang'ono ndi magazi anu, mudzakumana nawo pa maliro ndi pa zinkhoswe moyo wanu wonse, ndipo kukambirana mitengo itaima n'kosiyana kwambiri ndi kukambirana pa zitsa.

Chomwe ndimaopa kwambiri chiletso chikapezeka ndi tulo. Banja lina lomwe ndinalithandiza linaimitsa chigayo chomwe ankakanganirana ana a mimba ziwiri. Atangopeza pepala anasiya kuyankha mafoni, mboni osabwera nazo, akuti nkhani inatha. Chigayo chinakhala chotseka mvula ziwiri, malata akudontha, injini ikuchita dzimbiri, amayi a m'mudzimo akuyenda mtunda wautali kukagayitsa kwina. Mapeto ake mbali inayo inakapempha kuti chiletso chichotsedwe chifukwa odandaula sakuyendetsa mlandu wawo, ndipo jaji anavomera. Khoti limakubwerekani chiletso kuti muthamangitse mlandu, ndipo likaona mwachisandutsa mpando limakulandani.

Za loya ndi ndalama. Pempho lotere ndi lovuta kuliyendetsa nokha, chifukwa mapepala ake ali ndi kalembedwe kake ndipo kulakwitsa pang'ono kumabwezetsa fayilo. Ngati simungakwanitse loya wolipira, pitani ku Legal Aid Bureau, lomwe ndi bungwe la boma loimira anthu osowa, ndipo mukafika nenani mawu oyamba kuti mitengo ikudulidwa panopa, kuti adziwe kuti si nkhani yoika pa mzere. Mukapita kwa loya wolipira, mugwirizane mtengo polemba, mufunse ngati ukuphatikiza tsiku lomva mbali zonse ndi mlandu weniweniwo kapena pempho loyamba lokha, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti. Chenjerani ndi madobadoba ozungulira pa makhoti, onena kuti amadziwana ndi akuluakulu ndipo akutulutsirani pepala lero lomwe. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso cha chaka chimenecho, ndipo a bungwe la maloya la Malawi Law Society akhoza kukutsimikizirani.

Usiku uno sonkhanitsani lizi ya malowo, chikalata cha imfa ya bambo, ziphaso za unzika zanu ndi za mayi, ndi pepala lililonse la malonda lomwe munaliona kapena kulijambula. Mawa m'mamawa, anyamata aja asanayatse makina, pitani ndi munthu mmodzi wamkulu wa m'mudzi mukawerenge zitsa, mitengo yomwe yatsala ndi matabwa omwe aunjikidwa, mujambule mulu wa njerwa dimba likuoneka kumbuyo kwake. Dzerani kwa anyakwawa mutenge kalata ija. Mlongo wanu musamusiye, akwere nanu minibasi yomweyo ya ku Lilongwe, ndipo ngati ndalama analandirazo zikadalipo, ngakhale zotsala, azinyamule akazionetse kwa loya.